Mipweya ya M'mafuta: Momwe Thiransifoma Imaululira Matenda Ake Isanapse

Pa Golomoti, m'chigwa cha Bwanje m'boma la Dedza, pali siteshoni ya magetsi ya bungwe la ESCOM imene imalandira mawaya onyamula mavolti 132,000. Pafupi ndi siteshoniyi pali munda wa magalasi okolola mphamvu ya dzuwa umene kampani ya JCM Power, mogwirizana ndi InfraCo Africa, inamanga ndipo unayamba kugwira ntchito mu 2022. Mundawu umatulutsa mamegawati 20, ndiponso uli ndi mabatire osungira magetsi. Alendo ofika pamalopa amatengeka ndi magalasi onyezimirawo, koma chinthu chimene ntchito yonse yatsamira ndi chibokosi chachitsulo, chotuwa, chosasangalatsa m'maso, chimene chimangong'ung'udza usana ndi usiku. Chibokosicho ndi thiransifoma. Cholinga cha nkhani ino ndi kufotokoza njira imene akatswiri amadziwira kuti thiransifoma yayamba kudwala pamene kunja ikuoneka yabwinobwino, ndiponso chifukwa chake kuipima mosalekeza kumaposa kuipima kamodzi pachaka.

Tiyambe ndi ntchito ya thiransifomayo. Magetsi ambiri a m'Malawi amapangidwa pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Kuti ayende ulendo wautali osatayika kwambiri m'njira, mavolti ake amakwezedwa. Akafika kufupi ndi anthu amatsitsidwa pang'onopang'ono, kuchoka pa 132,000 kufika pa 33,000 kapena 11,000, kenaka pa 230 amene amayatsa babu m'nyumba. Kukweza ndi kutsitsaku ndiyo ntchito ya thiransifoma. Tiyenera kusiyanitsa mitundu iwiri. Pali timathiransifoma tating'ono tapamtengo timene timaona pa Mtakataka kapena pa Mua, timene timatumikira chigayo, sitolo ndi nyumba zingapo. Ndiye pali zikuluzikulu za m'masiteshoni, zolemera matani makumimakumi, zimene imodzi yokha imanyamula magetsi a dera lonse. Nkhani ino ikukhudza kwambiri zikuluzikuluzi. Dziko lino silipanga mathiransifoma otere. Amachita kuitanitsa kunja ndi ndalama zakunja, ndipo fakitale imapanga iliyonse molingana ndi malo amene ikukaikidwa, kotero kuti kudikira kwake kumatha kupitirira chaka.

Zimene zili m'kati

Wina akanatsegula thanki ya thiransifoma akanapezamo zinthu zinayi zokha zofunika: chitsulo chapakati, mawaya a kopa okulungidwa mozungulira chitsulocho, mapepala okutira mawayawo, ndi mafuta amene zonsezi zamizidwamo. Ambiri amadabwa kumva kuti chida chamakono chotere chimadalira pepala, koma ndi mmene zilili. Pepalalo, likanyowa ndi mafuta, limatchinga magetsi kuti asadumphe kuchoka pa waya wina kupita pa mnzake. Mafutawo ali ndi ntchito ziwiri, kutchinga magetsi ndi kuchotsa kutentha. Amazungulira m'kati, kutenga kutentha pa mawaya n'kukakutaya m'zipsepse zachitsulo za m'mbali mwa thanki.

Mafuta akhoza kusefedwa kapena kusinthidwa, koma pepala likatha mphamvu thiransifomayo yatha. Mdani wamkulu wa pepala ndi kutentha. Lamulo limene akatswiri amagwiritsa ntchito likuti malo otentha kwambiri m'kati mwa mawaya akapitirira madigiri 98, madigiri 6 alionse owonjezera amachititsa kuti pepala likalambe mofulumira kawiri. Aliyense amene wakhalako ku Bwanje m'mwezi wa Okutobala kapena Novembala amvetsa chifukwa chake lamuloli ndi lathu. Chigwachi chili m'munsi mwa mapiri a Dedza, ndipo pamene wa ku Dedza boma akufunda bulangete, wa ku Golomoti amagona pakhonde. Thiransifoma ya m'chigwa imayamba tsiku ili kale yofunda. Ya pa munda wa sola imasenza katundu wolemera masana, nthawi yomweyo imene dzuwa likuswa mtengo, ndipo mtambo ukadutsa katunduyo amatsika ndi kukwera mwadzidzidzi.

Pa Chichewa timangoti "thiransifoma yapsa", ngati kuti zachitika nthawi imodzi monga mmene imapsera nyumba yaudzu. Nthawi zambiri sizikhala choncho. Mneni "kupsa" ali ndi tanthauzo linanso, la nthochi kapena mango, ndipo tanthauzo lachiwirili ndilo likufanana ndi zimene zimachitika. Bawuti imakhwepa pamalo olumikizira mawaya, malowo n'kuyamba kutentha. Chinyezi chimalowa m'pepala, timoto ting'onoting'ono n'kumathetheka mmenemo. Zotere zimatha milungu, miyezi, ngakhale zaka, kenaka tsiku lina n'kuphulika. Funso ndi lakuti, kodi munthu angaone bwanji m'kati mwa thanki yotsekedwa, imene sangaitsegule popanda kuzimitsa magetsi?

Yankho lake lili m'mafuta. Mafutawa ndi ochokera pansi panthaka, achibale a dizilo ndi palafini, ndipo tizigawo take tomangana ndi ta carbon ndi hydrogen. Kutentha kapena moto wa magetsi ukawakhudza, tizigawoto timaduka n'kusanduka mipweya. Mipweyayo siithawa, imasungunuka m'mafutamo monga mmene mpweya umakhalira m'botolo la chakumwa chozizira lisanatsegulidwe. Chofunika kwambiri n'chakuti mtundu wa mpweya umene wapangika umadalira kukula kwa kutenthako. Choncho mafuta amasunga mbiri ya zimene zikuchitika m'kati, monga momwe magazi amasungira mbiri ya thupi. Wodwala akafika pa chipatala cha Mua, adokotala sachita kum'ng'amba kuti adziwe ngati ali ndi malungo. Amatenga kadontho ka magazi pa chala.

Mipweya imeneyi ilibe mayina a Chichewa, ndipo liwu lathu lakuti "mpweya" limasenza katundu wambiri: umene timapuma, wa m'tayala, wophikira, ngakhale woipa wa m'mimba. Komabe yambiri mwa iyo timaidziwa kale m'moyo wa tsiku ndi tsiku. Methane ndi mpweya womwe uja umatuluka m'ndowe zovunda, umene ena amaphikira. Iwo pamodzi ndi hydrogen umayamba kuoneka mafuta akatentha kufika cha m'ma madigiri 150. Hydrogen akachuluka yekha, kawirikawiri ndiye kuti muli timoto tating'ono tija tothetheka m'pepala lonyowa kapena m'thovu. Kutentha kukakwera kumabwera ethane, ndipo kukapitirira madigiri 300 kumachuluka ethylene, mpweya umene zipatso zimatulutsa zikamapsa. Carbon monoxide, amene amapha anthu ogona ndi mbaula yamakala m'nyumba yotseka, amasonyeza kuti chimene chikuwauka ndi pepala. Woopsa kuposa yonse ndi acetylene. Amisiri owotcherera zitsulo pa Golomoti amaudziwa bwino, ndi uja amaupanga ndi kabaidi. M'thiransifoma umapangika wambiri pokhapokha kutentha kukapitirira madigiri 700, makamaka pamene magetsi akudumpha ngati mphezi m'kati mwa mafuta. Injiniya akaona acetylene pa pepala la zotsatira, tulo timamuthera.

Kuchuluka kwa mipweyayi kumawerengedwa m'magawo pa miliyoni. Gawo limodzi pa miliyoni ndi laling'ono ngati njere imodzi ya mpunga mu theka la thumba la makilogalamu 50. Thiransifoma yakale koma yathanzi ikhoza kukhala ndi hydrogen wa magawo pafupifupi 100 popanda vuto. Koma acetylene, ngakhale magawo owerengeka pa zala za dzanja limodzi, ndi wokwana kuitanitsa msonkhano.

Kuchokera kwa Buchholz kufika kwa Duval

Nzeru yoti thiransifoma yodwala imatulutsa mpweya si ya lero. Mu 1921 injiniya wa ku Germany, Max Buchholz, anapanga kachipangizo kamene mpaka pano kamatchedwa ndi dzina lake. Kamaikidwa pa paipi yolumikiza thanki yaikulu ndi kathanki ka pamwamba kosungira mafuta. Thovu likamakwera limakodwa mmenemo, ndipo likachuluka belu limalira. Mafuta akathamanga mwamphamvu chifukwa cha kuphulika kwa m'kati, kachipangizoka kamazimitsa thiransifoma yonse. Kapulumutsa zida zambiri, koma kali ndi malire ake. Kamadikira kuti mpweya uchuluke mpaka kupanga thovu, ndipo pofika pamenepo matenda amakhala atakula. Tingakafanizire ndi wachibale amene amathamangira kuchipatala wodwala atakomoka kale.

Patapita zaka, akatswiri anayamba kutenga mafuta pang'ono m'jekeseni wagalasi n'kupita nawo ku labotale, kumene makina amalekanitsa mipweya ndi kuiyeza umodziumodzi. Vuto linatsala pa kutanthauzira manambala. Njira zingapo zinayesedwa, monga ya Doernenburg ndi ya Rogers, zimene zimagawa kuchuluka kwa mpweya wina ndi kwa unzake. Imene inatchuka kwambiri ndi ya Michel Duval, katswiri wa kampani ya Hydro-Québec ku Canada, amene anaitulutsa mu 1974. Iye anajambula chithunzi cha ngodya zitatu, mbali iliyonse ikuimira mpweya umodzi mwa itatu iyi: methane, ethylene ndi acetylene. M'kati mwake anagawamo zigawo, china cha kutentha kochepera madigiri 300, china cha pakati pa 300 ndi 700, china choposa 700, china cha timoto tating'ono, ndi zina za magetsi odumpha. Munthu amawerengera gawo la mpweya uliwonse pa 100, n'kuika kadontho pamene mizere itatu yakumana. Pamene kadonthoko kagwera ndi pamene pali dzina la matenda. Ubwino wa njirayi ndi wakuti ngakhale mwana wa fomu 2 wodziwa masamu a peresenti akhoza kuigwiritsa ntchito. Kuipa kwake n'kwakuti imatchula matenda nthawi zonse, ngakhale pa thiransifoma yathanzi, choncho iyenera kugwiritsidwa ntchito pokhapokha mipweya ikapitirira muyezo.

Kupima kwa ku labotale n'kodalirika, ndipo sikunasiyidwe. Koma mwachizolowezi kumachitika kamodzi kapena kawiri pachaka, ndipo apa m'pamene pagona nkhani. Tiyerekeze kuti mafuta a thiransifoma ina atengedwa mu Meyi, ndipo zotsatira zaonetsa ethylene wa magawo 40. Palibe chodetsa nkhawa. Mu Seputembala bawuti ina yayamba kukhwepa. Mu Okutobala kwatentha, malo okhwepawo afika madigiri 500, ndipo ethylene akukwera tsiku ndi tsiku. Mu Novembala mvula yoyamba yabwera ndi ziphaliwali, pepala lowauka lija lalephera, thiransifoma yaphulika. Pepala la zotsatira za mu Meyi silinaname, koma linanena za Meyi. Komanso nambala imodzi payokha siinena zambiri. Magawo 200 amene akhala osasintha kwa zaka zisanu ndi chipsera cha bala lakale, pamene magawo 60 amene sabata yatha anali 20 ndi bala limene likutuluka magazi. Chimene injiniya amafunitsitsa kudziwa ndi liwiro la kukwerako, ndipo liwiro silingadziwike ndi muyezo umodzi. Onjezerani pamenepo mavuto a m'njira: hydrogen ndi wopepuka ndipo amathawa jekeseni akakhala wosatseka bwino, dzuwa limasintha mafuta, ndipo labotale imakhala kutali.

Mlonda wosagona

Pofuna kutseka mpata umenewu, kunapangidwa makina omangirira pa thiransifoma penipenipo, amene amayamwa mafuta pang'ono, kuyeza mipweya, n'kuwabwezera m'thanki, magetsi ali chiyakire. Oyamba kufala anali a Hydran, ochokera ku Canada m'zaka za m'ma 1970. Ali ndi kachikopa kopyapyala kamene kamalola mpweya kudutsa koma osati mafuta, ndipo kuseri kwake kuli kaselo kamene kamatulutsa timagetsi tochepa molingana ndi kuchuluka kwa mpweyawo. Amapereka nambala imodzi, makamaka ya hydrogen ndi carbon monoxide. Sanena dzina la matenda, amangokutsina khutu, ndipo akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi.

Makina a masiku ano amayeza mipweya yonse payokhapayokha. Ena ali ngati labotale yaing'ono m'bokosi, ndipo amafuna mabotolo a mpweya wa helium oti azisinthidwa. Ena, monga amene inatchukitsa kampani ya Kelman ya ku Northern Ireland, amagwiritsa ntchito nzeru imene Alexander Graham Bell, yemwe uja wa telefoni, anaitulukira mu 1880. Mpweya wochokera m'mafuta umatsekeredwa m'kachipinda, ndipo amauwalitsira kuwala kosaoneka ndi maso mophethiraphethira. Mpweya uliwonse umamwa mtundu wakewake wa kuwalako. Ukamwa umafunda n'kufufuma, kuwala kukazima umabwerera, ndipo kufufuma ndi kubwereraku kumapanga kaphokoso kamene maikolofoni amakamva. Phokoso likakula ndiye kuti mpweyawo ndi wambiri. Hydrogen yekha samwa kuwala kotere, choncho ali ndi kachipangizo kakekake. Makinawa amayeza pa maola angapo alionse, ndipo akaona kusintha amatha kuyamba kuyeza ola lililonse. Zotsatira zimapita pa kompyuta ya injiniya kudzera pa waya kapena pa netiweki ya foni.

Msewu woyendamo uthenga wotere ulipo kale m'dziko muno. Pakati pa 2013 ndi 2018, thandizo la boma la America kudzera ku Millennium Challenge Corporation, la madola oposa 350 miliyoni, linamanga mawaya a mavolti 400,000 kuchokera ku Phombeya m'boma la Balaka kufika ku Nkhoma, ndiponso linakonza njira yoonera masiteshoni ali kutali pa kompyuta. Kuwonjezera uthenga wa mipweya pa njira yotere si chinthu chachilendo m'mayiko ena.

Tsopano tibwerere ku thiransifoma yathu yongoyerekeza ija. Ikanakhala ndi makina otere, mzere wa ethylene pa kompyuta ukanayamba kupendekera m'mwamba mu Seputembala momwemo. Injiniya akanatumiza munthu kukatenga mafuta kuti labotale itsimikize. Akanayerekeza mzerewo ndi katundu amene thiransifoma ikusenza: ngati mpweya ukukwera katundu akachuluka, vuto lili m'njira ya magetsi, monga polumikizira mawaya, koma ngati ukukwera mosasamala za katundu, maso amaloza ku chitsulo chapakati. Akanachepetsa katundu, kutsuka zipsepse, kuona ngati mafani akuzungulira, n'kusankha tsiku lozimitsa. Ntchito ya masiku awiri kapena atatu ikanalowa m'malo mwa mdima wa miyezi. Amalawi sitichita kufotokozeredwa za mdima wotere. Namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kuzimazima kunapitirira chaka. Icho chinali chigumula, osati thiransifoma, koma chinatiphunzitsa kutalika kwa nthawi imene chida chachikulu chimatenga kuti chibwerere.

Si bwino kuwatamanda makinawa mopitirira. Pali imfa zina zadzidzidzi zimene sangazione, monga mphezi yoomba mwachindunji, kapena kusweka kwa zotchingira zadothi za pamwamba pa thanki, zimene mafuta ake ndi apadera. Nthawi zina amachenjeza pachabe. Mafuta ena amatulutsa hydrogen pang'ono pongofunda, popanda vuto lililonse. Mbali ya thiransifoma yosinthira mavolti imathetheka moto mwachibadwa, ndipo mafuta ake akadonthera m'thanki yaikulu, acetylene amaoneka pamene palibe matenda. Makinawo nawonso ndi chida chamagetsi choima padzuwa ndi pafumbi, ndipo kawirikawiri amakalamba msanga kuposa thiransifoma imene akuilonda, imene imatha kukhala zaka 40. Mtengo wake, kwa oyeza mipweya yonse, ndi madola zikwi makumi angapo. N'chifukwa chake palibe amene angawaike pa kathiransifoma kapamtengo, popeza mlonda angakhale wodula kuposa katundu. Ndiponso mdani wamkulu wa timathiransifoma ta m'midzi si mipweya ayi, koma anthu oba mafuta ndi kopa, mchitidwe umene ESCOM yakhala ikuudandaula kwa zaka zambiri. Pamenepo pofunika mafumu ndi apolisi a m'mudzi, osati kompyuta.

Maganizo anga ndi akuti dziko losauka ndilo liyenera kusankha mosamala kwambiri. Makina oyeza mipweya yonse ayenera kupita pa mathiransifoma ochepa amene akagwa dera lonse limagwa nawo: a pamalo opangira magetsi, a ku Phombeya ndi Nkhoma, ndi a pamphambano ngati Golomoti, pamene mawaya aakulu akumana ndi munda wa sola m'dera lotentha. Ena apakatikati akhoza kukhala ndi makina otchipa a hydrogen yekha. Otsalawo apitirize ndi jekeseni, koma mokhulupirika, ndipo zotsatira zizisungidwa bwino kuti za chaka chino ziziyerekezedwa ndi za chaka chatha.

Mbali yovuta kwambiri si ya makina konse. Chenjezo likafika, pamafunika munthu wodziwa kuwerenga mzere uja, ndiponso wokhala ndi mphamvu zolamula kuti thiransifoma yooneka yabwinobwino izimitsidwe. Munthu wotere sayamikiridwa, chifukwa ngozi imene waipewa palibe amene amaiona. Chimene anthu amaona ndi masiku awiri a mdima, ndipo amadandaula. Apa ndi pamene ife ophunzira zilankhulo nkhaniyi ikutikhudza. Chidziwitso chongoti "magetsi azima chifukwa cha ntchito yokonza" sichiuza munthu kanthu. Koma wachigayo wa pa Mtakataka akamva pa wailesi, m'Chichewa chomveka, kuti mafuta a thiransifoma aonetsa kuti m'kati mukutentha ndipo akufuna kukonza isanaphulike, amauza makasitomala ake kuti abwere ndi chimanga Lachinayi m'malo mwa Loweruka. Wogulitsa nsomba amachepetsa oda yake ya sabata imeneyo, ndipo a kuchipatala amagula dizilo wa jenereta ndi kuonetsetsa kuti firiji ya katemera ili ndi poyakira.